Makina oponyera mbedza: twayini ikungoduka, ndithandizeni nzeru

Phiri wa Liwonde: Mwaswera bwanji akuluakulu. Ndabwera ndi mutu wondikulira. Kuyambira mu Meyi ndakhala ndikupanga makina oponyera mbedza, koma pano ndatsala pang'ono kuwapereka kwa anyamata ogula zitsulo zakutha. Amene mumaudziwa Shire kumunsi kwa baraji kuno mukudziwa kuti m'mphepete monse ndi bango ndi namasupuni. Kuti nyambo ikagwe pamadzi oyera umayenera kulowa mpaka m'chiuno, ndipo ng'ona za kuno sizifunsa dzina. Ndiye ndinati bwanji ndipange choponyera, ine ndizikhala pamtunda.

Kapangidwe kake ndi aka. Miyendo ndinawotcherera ya square tube, ndimaikhomera pansi ndi zikhomo zinayi. Mkono ndi paipi yachitsulo yotalika mita imodzi ndi masentimita 20, imazungulira pa habu ya kutsogolo ya njinga. Kunsonga kwa mkono kuli kachitini momwe mumakhala nyambo ndi mapulagi awiri akutha a galimoto, omiza mbedza. Zokoka mkono ndi mphira zinayi zodula ku chubu cha lole. Twayini ndi yonenepa mamilimita 0.35, ndinaikulunga pa kagudumu ka mtengo kokhala pa mabering'i. Kamazungulira bwino kwabasi, ukangokakhudza ndi chala kamatha nthawi kasanaime.

Koma ndikaponya, pali ziwiri. Mwina mapulagi agwa pa mamita 18 kapena 20, twayini itapiringizana pakagudumu ngati chisa cha mpheta, mwina twayini yaduka pomwepo mapulagi n'kupita okha. Ndawonjezera mphira kuchoka pa ziwiri kufika zinayi, zikungoipiraipira. Ndiike sipuling'i ya njinga yamoto?

Che Mbwana: Phiri mwanawe, mamita 20 ndimaponya ndi dzanja langali, twayini nditakulunga pa botolo la Sobo. Zaka zonsezi ku Mangochi kuno sitinawotchererepo chitsulo kuti tidye mlamba.

Gondwe Nkhata Bay: Kkkkk madala afika kale

Phiri wa Liwonde: Che Mbwana, ndikudziwa. Nchifukwa chake zikundipweteka. Ndawononga ma welding rod paketi yathunthu kuti ndigonje kwa botolo.

Banda Durban: Ikani sipuling'i achimwene. Mphira za chubu ndi zoseweretsa ana. Kapena pangani monga ndinaonera pa YouTube, azungu a ku America amatenga paipi ya PVC, n'kupopera mpweya, nyambo aiumitsa mufiriji pamodzi ndi chomiza, ikamatuluka ngati chipolopolo.

Yamikani: Bwana Banda, ija ayi chonde. PVC ikaphulika ndi mpweya sing'ambika ngati chubu, imasweka tizidutswa takuthwa ngati galasi. Paipi ija anaipangira madzi. Komanso firiji ku dooko aipeza kuti?

A Phiri, funso limodzi musanagule chilichonse. Twayini ikaduka, mapulagi amakagwa pati? Munayezapo?

Phiri wa Liwonde: Ndimayesera pagalaundi ya mpira kuseri kwa kwathu. Tsiku lina ataduka anadutsa pakati pa galaundi, ndinayeza ndi tepi ya amisiri omanga, anakwana mamita 70. Anakaboola ndowa ya mayi wina amene ankadutsa kumbali, ndinalipira ndithu.

Yamikani: Basi yankho mwalinena nokha. Ngati mapulagi opanda twayini akufika 70, mphamvu muli nayo kale yochuluka. Kuti chinthu chigwe pa mamita 70 chimayenera kuchoka pa liwiro la mamita pafupifupi 26 pa sekondi, ndiye makilomita 94 pa ola, minibasi ya pa msewu wa Zomba ili ndi changu. Sipuling'i singathandize. Chikukubwezani ndi twayini, osati mkono. Kagudumu kanuko ndi kakakulu bwanji?

Phiri wa Liwonde: Masentimita 8 m'mimba mwake.

Yamikani: Ndiye kakazungulira kamodzi kamatulutsa twayini ya masentimita 25 okha. Kuti kayenderane ndi mapulagi kayenera kuzungulira maulendo opitirira 100 pa sekondi imodzi, kupitirira 6,000 pa mphindi, injini ya galimoto italira mpaka singano kufika pofiira. Ndipo kayenera kufika pamenepo kuchokera poima, m'kuphethira kwa diso. Amene akukakoka kuti kayambe ndi ndani? Twayini ya 0.35. Ikakanika, yaduka. Ikapirira, kagudumu kamayamba kuthamanga, mapulagi mlengalenga akuchepa liwiro, iko sikakudziwa, kakungolavula twayini yoti palibe akuikoka. Chisa cha mpheta chija ndi chimenecho. Mabering'i anu abwinowo ndi amene akukupwetekani.

Phiri wa Liwonde: Iii koma ndinagula odula dala kuti kazizungulira mosavuta

Nangozo: Pepani ndilowerere ngakhale sindine msodzi, ine ndi telala ku Zomba kuno. Zimene akunena Yamikanizi ndimaziona tsiku lililonse. Makina akale opalasa ndi phazi aja, ukathamangitsa kenako n'kuima mwadzidzidzi, ulusi wa pamwamba umapitiriza kuzungulira n'kudzikulunga pa kamtengo kake. Nchifukwa chake timaika kansalu pansi pake kuti kazigwira pang'ono. Koma taonani makina a ovaloko. Amathamanga kuposa onse, amadya ulusi wambiri, koma koni ya ulusi sizungulira n'komwe. Imangokhala chilili, ulusi ukuvuka kunsonga kupita m'mwamba. Makina akaima, ulusi nawo waima. Bwanji a Phiri kagudumuko musakaimike, twayini izichokera kunsonga?

Che Mbwana: Anangozo, mwanena botolo langa lija. Ndimaloza kukamwa kwa botolo kunyanja, twayini imavuka yokha phululu. Botolo silizungulira.

Yamikani: Mayi Nangozo mwaiphula. Ndipo mbiri ili kumbali yanu. Ma reel, timakina tokulungira twayini pa ndodo ya mbedza, amene ambiri amagwiritsa ntchito masiku ano, amene chokulungira chake chimaima poponya, anawalembetsa mu 1905 ndi Alfred Holden Illingworth wa ku England, ndipo iye ntchito yake inali ya fakitale ya nsalu ku Bradford. Munthu wa ulusi ngati inu nomwe.

Nangozo: Ndiye a Phiri mlamba woyamba ubwere ku Zomba kkkk

Phiri wa Liwonde: Ubwera wowamba kale mayi. Koma ndifunse. Ndiike botolo lenileni kapena?

Gondwe Nkhata Bay: Botolo limafinyika. Twayini ya nayiloni ukaikulunga yonyowa ikukoka nsomba, ikauma imamanga zolimba mpaka botolo kupindika, kenako imadzikola m'mapindikidwemo. Pezani kachidutswa ka paipi ya PVC ya mamilimita 110, ya zimbudzi ija, masentimita 20 akwana. Apa PVC ilibe vuto poti simukupopamo mpweya. Kunsonga kochokera twayini mupale ndi sandipepa mpaka kuterera, musasiye kanthu kokanda ngakhale kakang'ono. Muyese ndi sokosi ya nayiloni, ikakodwa ndiye kuti simunamalize.

Nangozo: Ndipo ngati mungathe ikhale yocheperako kunsonga monga koni. Muitenthe pang'ono pa mbaula ifewe, muikanikizire m'kamwa mwa chidebe chaching'ono. Pokulunga musamaunjike malo amodzi, muziyenda uku ndi uku modutsanitsa, apo ayi ulusi wapamwamba umalowa pansi pa unzake n'kulumana. Zikatero zimachoka zonse pamodzi ngati mtolo.

Banda Durban: Chabwino ndagonja pa za sipuling'i. Koma kuduka kuja sikutheratu ndi chokulungira chokha. Kuno kunyanja yamchere amene amaponya patali ali pamchenga saponya ndi twayini yopyapyala yokha. Kutsogolo amalumikiza yonenepa, amati shock leader, kuti ndiyo ilandire kugwedeza koyamba. Lamulo lawo ndi mapaundi 10 a kulimba kwa twayini pa aunsi iliyonse ya chomiza. Mapulagi anu akulemera bwanji?

Phiri wa Liwonde: Ndinayeza pa sikelo ya ogulitsa nyama, awiri pamodzi magalamu 90.

Banda Durban: Ndi maaunsi atatu amenewo, ndiye mukufuna yosachepera mapaundi 30, makilogalamu 14. Gulani ya 0.60 muchotse nkhawa. Italike kuchoka ku mapulagi mpaka pachokulungira, n'kuzungulirapo kasanu kapena kasanu n'kamodzi. Mfundo yolumikizira ikhale yaing'ono ndipo muziiika kumbuyo kwa chokulungira kuti twayini ikamavuka isamakodwepo. Musanamange mfundo muinyowetse ndi malovu, nayiloni youma imadziwotcha pokoka.

Yamikani: Ndiwonjezere za mkono. A Phiri, paipi yachitsuloyo ikulemera bwanji?

Phiri wa Liwonde: Kilogalamu imodzi ndi theka, kapena kupitirira pang'ono.

Yamikani: Apo pali mbava ina. Ndodo yozungulira pa nsonga imodzi imadya mphamvu ngati kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake mwalipachika kunsonga inayo. Ndiye muli ndi magalamu 500 a mkono, ndi magalamu 90 a mapulagi. Pa mphamvu yonse ya mphira zanu zinayi, mapulagi akutengako 15 pa 100 basi. Yotsalayo ikuthera pamene mkono ukumenya poimira, nchifukwa chake ndikukhulupirira kuti zikhomo zanu zimazuka.

Phiri wa Liwonde: Zimazukadi! Ndimakhomeranso ndikaponya kawiri. Wadziwa bwanji mphwanga?

Yamikani: Mphamvu siisowa kopita bwana. Mukaika mkono wa nsungwi wa magalamu 300, mapulagi atenga pafupifupi theka la mphamvu yonse. Pamenepo muchotse mphira ziwiri, zitsale ziwiri, ndipo aziuluka kuposa pano.

Che Mbwana: Nsungwi ikhale yokhwima, yodulidwa chilimwe, youma pamthunzi. Yaiwisi imalefuka, youma padzuwa imang'aluka. Muiwambe pamoto pang'ono mpaka ituluke thukuta. Ife mitengo ya mbedza tinkatero.

Koma ndinene langa lina, mukwiye musakwiye. Inu nonse mukuthamangira kutali, 50, 70. Anakuuzani ndani kuti mlamba uli kutali? Mlamba umakhala m'mphepete mwa bango momwemo, m'matope, pamene pamagwera tizilombo. Pakati pa Shire madzi amathamanga, mapulagi awiri sagwira pansi, akokoloka mpaka twayini yonse ikalowe mu namasupuni. Ndipo ng'ona sigwira munthu poponya pokha. Imamudikira potula nsomba, waweramira m'madzi, maso ali pa mlamba. Makinawo adzakutulirani nsomba?

Phiri wa Liwonde: Apa madala mwandigwira pakhosi. Za kutula nsomba sindinaganize. Koma za kutali, malo amene ndimawedzawo namasupuni amatambalala mamita 25 mpaka 30 nthawi zina, makamaka akatsegula zitseko za baraji. Ine ndikungofuna kudumpha pamenepo, ndigwere kuseri kwake. Sindikufuna tsidya lina.

Che Mbwana: Ndiye nenani choncho. Mukufuna 35 kapena 40 wobwerezabwereza pamalo amodzi, osati 70 wa ngozi. Potula nsomba pezani ngowe ya mtengo wautali, mamita atatu, musaponde madzi. Ndipo musamawedze malo amodzi nthawi imodzimodzi tsiku ndi tsiku. Ng'ona imawerenga.

Admin: Tikumbutsane a Phiri, kumtunda kwa baraji mukangopitirira pang'ono ndi m'paki, kumeneko makinawo asakafike. Pitirizani, nkhaniyi ikukoma.

Phiri wa Liwonde: Kumeneko sindipondako bwana Admin. Ndikagwire ntchito, ndibwera ndi zotsatira.

Phiri wa Liwonde: Ndabweranso patha masiku asanu. Ndachita izi: kagudumu ndachotsa, ndaika paipi ya 110, ndaicheperetsa kunsonga monga ananenera mayi Nangozo, ngakhale yoyamba inapsa n'kukhwinyata, yachiwiri ndiyo yatheka. Mkono ndi nsungwi, ndailowetsa m'kapaipi kafupi pa habu n'kumanga ndi mabawuti awiri. Mphira ziwiri. Shock leader ya 0.60.

Zabwino: twayini sinadukepo ngakhale kamodzi, ndipo chisa cha mpheta chatha. Imavuka ndi kaphokoso kokoma, fyuuu. Zoipa: mapulagi akuyenda chapansipansi ngati mwala wa legeni, akumenya pansi pa mamita 22 n'kumadumphadumpha. Kale ankakwera bwino. Poimira mkono sindinasunthe. Chachiwiri, nyambo. Ndinayesa ndi matumbo a nkhuku, mapulagi anapita kutsogolo, matumbo anakagwa pa mpanda wa aneba, agalu anachita phwando.

Gondwe Nkhata Bay: Kkkkkk a Phiri mudzi wonse ukudziwani tsopano. Ndowa, mpanda, kwatsala mawindo.

Yamikani: Za kutsikazo ndi ine ndinalakwa, ndinaiwala kukuuzani. Chitsulo sichipinda, chikamenya poimira chimatulutsa katundu pomwepo. Nsungwi imapindikira kumbuyo poyamba, ndiye tsinde likaima nsonga imapitirirabe kutsogolo ngati chikwapu, n'kutulutsa mochedwa. Kuchedwa kumeneko ndiko kukutsitsa mapulagi. Bwezani poimira kumbuyo. Musawotcherere, boolani mabowo asanu kapena asanu ndi limodzi motalikirana masentimita awiri, poimira pakhale bawuti yoti muzisuntha. Muziponya katatu pa bowo lililonse n'kulemba.

M'buku amati madigiri 45 ndiwo amafikitsa patali, koma izo ndi za chinthu chopanda mphepo ndi chopanda mchira. Inu mukukoka twayini kumbuyo, ndiye zabwino zimapezeka chapansi pang'ono, cha m'ma 35 mpaka 40. Musavutike kuyeza madigiri, mabowo akuuzani.

Gondwe Nkhata Bay: Pa bawutiyo muvekepo chidutswa cha tayala, ndipo nsungwi izimenya pa mfundo yake, osati pakati pa mphako. Apo ayi sabata siitha. Mukulungenso mphira pamalo omenyawo.

Ndinenenso za mphira poti kwathu kuno ndi kwawo, mitengo yake ili ku Vizara. Machubu ambiri akuda a masiku ano si a mphira ya mtengo, ndi a mphira yopanga m'fakitale yotchedwa butyl. Amasunga mpweya bwino koma ndi aulesi pobwerera. Ambiri amakhala ndi kamzere kabuluu. Mwana aliyense wa legeni amadziwa kuti machubu ofiira akale aja ndiwo ankapha njiwa. Dulani kachidutswa, kokani, siyani. Ya mtengo imalira thwa, ya butyl imabwerera ngati yatopa. Ngati mwapeza ya mtengo musamaisiye padzuwa, imachita ming'alu. Mukamaliza muzichotsa n'kusunga m'chitini.

Phiri wa Liwonde: Zangazi zili ndi kamzere kabuluu ndithu. Wogulitsa anandilumbirira kuti ndi zenizeni.

Yamikani: Musazitaye. Mukufuna 40 basi, ngati zikufikitsa zisiyeni. Kusintha zinthu ziwiri nthawi imodzi simudzadziwa chimene chathandiza.

Banda Durban: Za nyambo ndi zanga izi. Kuno sardine ndi yofewa kuposa matumbo anuwo, koma amaiponya mamita ambirimbiri osagwa. Chinsinsi ndi kaulusi kotanuka kopyapyala, amati ghost cotton, amakulunga nyambo yonse pa mbedza kambirimbiri, osamanga mfundo, kamagwira kokha. China, nyambo ndi chomiza ziziuluka pamodzi. Zikatalikirana zimazungulirana mlengalenga ngati ndege ya helikopita, liwiro lonse limathera pomwepo ndipo nyambo imang'ambika. Pindani kawaya ngati ngowe yotseguka pamwamba pa mapulagi, mukoleke mbedza pamenepo. Zikamenya madzi twayini imakhwepa, mbedza imavuka yokha.

Anthu kuno anafika pomanyamula nyambo ndi ma drone mpaka boma linaletsa mu 2022, ndiye ambiri abwerera ku luso la kuponya lomweli.

Nangozo: Ulusi wotanukawo tili nawo ife, uja timasokera makwinya m'madiresi a ana. Ulipo woyera wopyapyala, kampukutu kamodzi mungawedzere mwezi. Fikani kwa telala aliyense pa Liwonde pomwepo.

Che Mbwana: Matumbo muwathire mchere usiku, m'mawa amakhala ngati chikopa. Usipa chimodzimodzi. Mlamba sunyansidwa ndi mchere. Koma nyongolotsi musaponye ndi makinawo, zidzafika mbedza yokha.

Nangozo: Funso langa ndi lina a Phiri. Mumamasula bwanji mkonowo ukakhala wokoka? Pachithunzi mwatumizacho ndikuona msomali.

Phiri wa Liwonde: Ndi msomali wa mainchesi 6, ndimausolola ndi dzanja. Kunena zoona unandipweteka kale. Mu Juni mkono wachitsulo uja unandikwapula pamkono pano, ndinatha sabata osagwira chowotcherera. Akazi anga ndinawauza kuti ndagwa panjinga.

Nangozo: Abale inu! Nkhope ili pamwamba pa chinthu chothamanga ngati minibasi, mbedza ili pomwepo. Mukuthawa ng'ona kuti mukachotsedwe diso ndi pulagi?

Yamikani: Mayi akunena zoona. Pezani loko ya boneti ya galimoto kwa ophwasula magalimoto. Inapangidwa kuti izigwira zolimba koma izimasuka ndi kukoka pang'ono kwa kebulo. Lumikizani ndi kebulo ya buleki ya njinga ndi chogwirira chake, muime mamita awiri kumbali. Kumbali, osati kumbuyo, poti nsungwi ikathyoka kapena mphira ikaduka zimapita kutsogolo ndi kumbuyo. Msomali uja usachoke, ukhale wachitetezo: muzilowetsa mukamaika nyambo, muzichotsa pomaliza, loko itagwira kale.

Gondwe Nkhata Bay: Ndipo pagalaundipo muziika mwana wamkulu aziletsa anthu kudutsa. Ndowa inali chenjezo.

Phiri wa Liwonde: Ndamva. Loko ndikaifuna mawa. Koma pali kena kakundidabwitsa. Pobweza twayini ndinkaona kuchedwa kukulunga ndi dzanja, ndiye ndinaika paipi ija pa bawuti ndi chogwirira kuti ndizipukusa. Nditaponya kasanu, twayini yayamba kupotana yokha, ukaisiya pang'ono imadzipinda tizingwe ngati ya foni zakale za m'maofesi. Yawonongeka kapena?

Yamikani: Sinawonongeke, mwaipota nokha. Twayini ikavuka kunsonga, kuzungulira kulikonse kumaipota kamodzi. Paipi ya 110 imatenga masentimita 34 ndi theka pa kuzungulira kumodzi, ndiye mamita 40 ndi mapotedwe oposa 110. Mukabweza ndi dzanja modutsa kunsonga komweko, mukuipotolola, zimafafanizika. Koma mukabweza mopukusa paipi, twayini imalowa ndi mapotedwe ake onse, mukaponyanso mwawonjezera ena 110. Kasanu ndi oposa 500.

Banda Durban: Ku Australia kuli ma reel a Alvey, anayamba ku Brisbane mu 1920, amagwira ntchito momwe mwachitiramo ndendende: poponya umatembenuza chokulungira chiyang'ane kunyanja, pobweza umachibwezera n'kumapukusa. Vuto lawo ndi lomweli, ndipo mankhwala ake ndi swivel, kachitsulo kozungulira kaja, pamwamba pa chomiza ndi china chilichonse. Kakhale kakang'ono, kakakulu sikazungulira ndi twayini yopyapyala.

Che Mbwana: Kapena bwezani ndi dzanja monga anthu. Mukuthamangira kuti? Mlamba umakokedwa ndi dzanja kuti uzimva pamene ukufuna kulowa m'bango. Dulani kachubu ka njinga muveke chala chamkombaphala, twayini isakuchekeni. Chokulungiracho chipangeni chochotseka: mwaponya, mwachisolola pamakina, muli nacho m'manja. Mukhoza kukhala ndi zitatu, makina amodzi, mbedza zitatu m'madzi.

Yamikani: Eee, iyi ya madala yaposa yanga. Makina angokhala oponya basi. Ndiye chokulungira chikhale pa kamtengo kolowetsa, kutsogolo chakumbali kwa mkono kuti twayini isadutse m'njira ya nsungwi, ndipo kukamwa kwake kuyang'ane m'mwamba pang'ono komwe mapulagi akulowera.

Nangozo: Yopotana kaleyo musaitaye. Chotsani zonse kunsonga, muikoke pa udzu wa pagalaundi mukuyenda, imadzimasula.

Phiri wa Liwonde: Lamulungu madzulo, zotsatira. Bowo lachitatu kuchokera kumbuyo ndilo labwino. Loko ya boneti ikugwira ntchito, ndikuima kumbali ngati bwana. Nyambo ndi matumbo amchere omanga ndi ulusi wa mayi Nangozo, okoleka pa kawaya. Ndaponya kasanu ndi kawiri: 44, 47, 46, 31, 48, 45, 43. Nyambo sinagwepo. Wa 31 uja twayini inalumana poti ndinakulunga mothamanga malo amodzi, mlandu ndi wanga. Zikhomo sizikuzukanso. Kumanzere ndi kumanja akusiyana ngati mamita atatu.

Chokhacho, womaliza uja ndinaona kuti mphira zayamba kutalika, sizikubwerera pamene zinali m'mawa.

Gondwe Nkhata Bay: Ndi butyl ameneyo, komanso dzuwa. Musamasiye makina ali okoka mukumanga nyambo ina. Kokani pomaliza, ponyani nthawi yomweyo. Ndikutumizirani chubu chofiira cha njinga yamoto ndikapeza wopita ku Balaka.

Che Mbwana: 45 wakwana ndi kutsala. Tsopano vuto ndi la kumadzi. Mapulagi ndi obulungira, agubuduka ndi mtsinje. Wotchererani timawaya tinayi tofewa kumunsi kwake ngati miyendo ya kangaude, tizikumba m'matope. Tikhale tofewa ndithu, toti mukakoka mwamphamvu tiziwongoka, apo ayi mudzasiya zonse pansi. Ndipo twayini isagone pa namasupuni. Zikani nsungwi yaitali pagombe yokhala ndi mphanda kunsonga, twayini idutse pamwamba.

Yamikani: Timawayato tidya mamita atatu kapena anayi mlengalenga, muyesenso pagalaundi musanapite. Mwina mudzafuna bowo lachinayi.

Banda Durban: Mukapita kumtsinje jambulani vidiyo tione kavukidwe ka twayini. Wojambula aime kumbali nayenso.

Phiri wa Liwonde: Ndipita Loweruka m'bandakucha, mphepo isanayambe. Ngowe ndapanga kale, mtengo wake wa bulugamu mamita atatu ndi theka. Zokulungira ndili nazo ziwiri, paipi yathera pomwepo. Che Mbwana, mbedza ya mlamba wa kuno ndiike saizi yanji? Zimene ndili nazo ndi zazing'ono za makumba.

Che Mbwana: Yoti chala chanu chachikulu chilowe pakati pa nsonga ndi msana wake. Muinole pamwala, za m'sitolo zimabwera zobuntha. Ndipo nsonga ikhale panja, musaikwirire ndi ulusi wa Anangozowo.